Tsatani njira ya madzi mvula isanagwe

 Masabata apitawa ndalandira makalata angapo a nkhani yofanana. Mayi wina wa ku Ndirande akuti dzinja lathali ana ake ankagona chokhala mvula ikamagwa usiku, chifukwa denga limadonthera pamphasa penipeni. Bambo wina wa ku Area 25 akufunsa ngati mng'alu umene watulukira pakhoma la kuchipinda uli woopsa. Mtsikana wina wa lendi ku Chibavi akuti chimbudzi cha papoloti pawo chikutitimira koma alandilodi angoti ziii. Ndati ndiwayankhire pamodzi, poti Okutobala ndi uyu ndipo mvula ili pafupi.

Mwina wina afunsa kuti kodi namwino wopuma ndi nkhani za malata zikugwirizana pati? Abale anga, zaka zonse zimene ndinagwira m'mawodi, Januwale ndi Febuluwale inali miyezi imene mabedi ankatha, odwala ena n'kumagona pansi. Malungo, kutsekula m'mimba, chibayo, ena othyoka miyendo khoma litawagwera. Ukafunsitsa bwino umapeza kuti vuto linayambira kunyumba, pa kanthu kakang'ono koti kakanakonzedwa dzuwa likadalipo. Paja Zengerezu analinda kwawukwawu.

Langizo langa ndi limodzi: yendani njira imene madzi a mvula adzayende. Yambani padenga, tsikirani kukhoma, patsinde pa nyumba, pabwalo, kuchimbudzi mpaka kudimba. Paliponse dzifunseni kuti madzi akafika apa alowera kuti? Ngati yankho lili loti alowa m'nyumba kapena aima pomwepa, pamenepo ndiye pali ntchito.

Denga

Mayi a ku Ndirande, chibowo cha padenga chimafunidwa masana. Dzuwa likafika paliwombo lowani m'nyumba, tsekani chitseko ndi mawindo, ndipo yang'anani kumwamba. Paliponse pamene pakuthwanima kuwala pali chibowo. Pisanipo kaudzu kapena kawaya kuti amene akwere pamwamba apaone msanga. Ngati nyumba ili ndi siling'i, fufuzani mawanga ofiirira, koma dziwani kuti madzi amayenda ndi mtengo wa denga asanadonthe, kotero chibowo chenicheni nthawi zambiri chimakhala chakumtunda kwa bangalo.

Malata ambiri amadonthera pa misomali. Msomali wa malata uyenera kukhala wachipewa, wokhala ndi kalabala pansi pake, ndipo umakhomedwa pamsana pa lata, osati m'ngalande moyenda madzi. Wazuka, zulani mukhome watsopano. Pa chibowo chaching'ono, palani dzimbiri ndi sandipepala, pukutani pauma, kenaka matani tepi ya phula imene amagulitsa ku mahadiweya. Imagwira bwino lata likakhala louma komanso lofunda. Zomata ndi sopo, chingamu kapena jumbo yosungunula zija n'zongodzinamiza, mvula yoyamba yomweyo zimachoka. Ngati lata latheratu ndipo mukukagula lina, kumbukirani kuti nambala yaing'ono ndiye lata lochindikala: geji 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32.

Za miyala ndi matayala padenga, chonde tiyeni tisiye. Tayala limasunga madzi, ndipo mwala mphepo ikaugubuduza umagwera mwana amene akusewera pakhonde. Denga limagwiridwa ndi waya womanga mitengo yake kukhoma, wodutsa mizere ingapo ya njerwa kutsika m'munsi. Onani ngati wayayo sanaduke ndi dzimbiri, ndipo onjezani misomali m'makona ndi m'mphepete, chifukwa mphepo imayambira kusasula kumeneko.

A denga la udzu, nthawi yofolera ndi inoyi. Yalani pepala la pulasitiki lochindikala pansi, yambani kufolera m'munsi kukwera kumtunda kuti udzu wa pamwamba uzivundikira wa pansi, ndipo denga likhale lotsetsereka bwino. Denga lathyathyathya limasunga madzi, udzu n'kuola.

Amene muli m'nyumba zakale zija zofoleredwa ndi asibesitosi, musapale, musacheke kapena kuboola. Fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka, ndipo limayambitsa matenda oopsa, kuphatikizapo khansa, amene amadzaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Komanso ndi losachedwa kuphwanyika munthu akapondapo.

Pokwera padenga lamalata, dikirani mame aume koma dzuwa lisanakwere, valani nsapato zogwira osati patapata, pondani motsata mzere wa misomali pamene pali mtengo pansi, ndipo wina agwire makwerero. Samalani ndi nthambo ya magetsi yolowa m'nyumba. Amene walawako kachasu asakwere. Ndipo zotuma mwana ati poti ndi wopepuka, ayi ndithu, ana oterewa ndinawaona okwanira m'wodi.

Khoma ndi tsinde la nyumba

Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera. Zoona, matope otsika m'phiri la Soche palibe khonde likanawaletsa. Koma nyumba zina zambiri zinagwa kutali ndi mapiri, chifukwa makoma anamwa madzi masiku angapo mpaka kufewa. Khoma, makamaka la zidina kapena la njerwa zomangira dothi, limafera kumapazi. Madzi otsika padenga amakumba kangalande patsinde, n'kuima pamenepo, khoma n'kumawamwa pang'onopang'ono.

Mankhwala ake safuna ndalama zambiri. Thirani dothi kuzungulira nyumba, tsenderani bwino, likhale lokwera kukhoma ndi lotsetserekera kunja. Muli ndi zidutswa za njerwa kapena miyala, yalani pamene madzi a padenga amagwera. Kumbani ngalande yotenga madzi kuwachotsa pakhomo, koma musakawatayire kukhoma kwa aneba. Kambiranani, mutsegulire limodzi ngalande yaikulu imene yadzaza mapepala ndi mchenga. Mutu umodzi susenza denga.

Bambo a ku Area 25, ming'alu ilipo mitundu iwiri. Wina ndi wopyapyala ngati ulusi, wa papulasitala pokha, umenewo si woopsa. Wina ndi woti chala chikulowa, ukuyenda ngati masitepe motsata njerwa, kapena ukuonekera mkati ndi kunja komwe. Lembani ndi pensulo pamene mng'aluwo wathera, mulembenso tsiku. Ukadutsa chizindikirocho pakatha masabata awiri kapena atatu, ndiye kuti khoma likuyenda. Chimodzimodzi ngati khoma lapendekeka, latupa, kapena chitseko chimene chinkatsekeka bwino chayamba kukana. Pamenepo itanani mmisiri wodziwa, ndipo usiku womwewo chotsani ana kukhoma limenelo akagone kwina.

Mng'alu waung'ono mutha kumata nokha. Kulitsaniko pang'ono ndi tchizulo, sesani fumbi, nyowetsani, kenaka matani ndi muyeso umodzi wa simenti kusakaniza ndi miyeso 4 ya mchenga wa kumtsinje wosefa. Yezerani chitini chimodzimodzi, osati zongoyerekeza ndi fosholo. Kandani wochepa woti muumalize msanga. Ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: simenti salimba ndi dzuwa, amalimba ndi madzi. Wazani madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, apo ayi kutentha kwa Okutobala kuno zidzangofumbutuka. Thumba la simenti limene lili ndi mibulu yosaphwanyika ndi chala musagule, latha mphamvu. Lanu sungani pamatabwa, osati pansi.

Kumata ming'alu kumathamangitsanso nsikidzi ndi mphemvu chifukwa ndimo mobisala mwawo. A nyumba za dothi pansi, zirani kawirikawiri, matekenya amakonda fumbi.

Muli pomwepo fufuzani chiswe. Mukaona tinjira ta dothi tokwera khoma, gogodani mafelemu ndi mitengo ya denga. Mtengo wolira ngati ng'oma, kapena woti msomali ukungolowa ndi dzanja, wadyeka mkati, sinthani. Watsopano pakani soligamu musanaukhome, ndipo nkhuni musaunjike motsamira nyumba.

Udzudzu umalowera pati?

Ambiri timatseka mawindo n'kuiwala mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowera pamenepo usiku. Tsekani ndi njerwa ndi dothi, ndipo m'mawindo ndi m'mabowo olowera mpweya ikani waya wa sefa. Koma nyumba ikatsekeka chonchi, mbaula yamoto isagone m'nyumba. Makala amatulutsa mpweya wosanunkha, wosaoneka, umene umapha banja lonse lili mtulo.

Neti yobooka sokani ndi singano ndi ulusi, si ntchito ya telala. Pabwalo kwirirani zithaphwi ndi maenje, vundikirani migolo, tayani zitini ndi zigoba. Nyengo yotentha, dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka pa sabata imodzi kapena ziwiri zokha. Maenje amene munaumbira njerwa aja kwirirani ndithu, chifukwa kupatula udzudzu, mwana wongoyamba kuyenda amamira m'madzi osafika n'komwe m'mawondo mwa munthu wamkulu.

Chimbudzi

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Kolera imayenda ndi chonyansa cha munthu chikalowa m'madzi akumwa kapena m'chakudya, ndipo chimbudzi chikagwa kapena kusefukira m'dzinja, njira imeneyi imatseguka. N'chifukwa chake ine ndimati ndalama zikachepa, khoma la pabalaza lidikire penti, chimbudzi chiyambe.

Pondani pansi pa chimbudzi chanu mumve ngati pakunyenyera. Ngati mitengo yoyala padzenje yaola kapena yadyedwa ndi chiswe, musadikire kuti wina agweremo. Unjikani dothi kuzungulira kuti madzi oyenda pansi asalowe m'dzenje, folerani denga, ndipo pabowo pakhale chivundikiro chokhala ndi chogwirira. Ngati latsala pang'ono kudzaza, kumbani lina panopa nthaka ikadali youma, pamtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pachitsime, komanso chakumunsi kwake. Kumadera a mchenga ngati m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, dzenje lozungulira limalimba kuposa la makona, ndipo limafunika kumangira njerwa kapena nsungwi zoluka mkati kuti lisagumuke. Lakalelo kwirirani, mudzabzalepo nthochi kapena papaya. Panja pakhale mpondagiya ndi sopo, sopo akasowa phulusa. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu amathandiza pa zimenezi mosalipiritsa, afunseni. Chitsime nachonso chikhale ndi chivundikiro, ndipo simenti ya m'mbali mwake ikang'aluka matani.

Mwana wanga wa ku Chibavi, usapite wekha kwa alandilodi. Sonkhanani nonse a papoloti, muwaitane adzaone okha. Akati konzani tidzachotsera pa lendi, zilembedwe papepala, asainire, ndipo malisiti musunge. Mawu apakamwa amaiwalika pakutha pa mwezi. Akakanitsitsa, kauzeni mlangizi wa zaumoyo kapena mfumu ya m'dera lanu, chifukwa chimbudzi chogumuka si vuto la poloti imodzi.

Mpope ndi magetsi

Mpope wodontha kawirikawiri vuto lake ndi kawashala ka labala mkati, kanthu kotsika mtengo. Tsekani madzi pa valavu ya pafupi ndi mita, masulani mutu wa mpope ndi sipanala, tengani kawashala kakaleko mupite nako kuhadiweya kuti mugule kofanana, bwezerani. Polumikizira mapaipi pakamadontha, kulungani tepi yoyera ija pamazinga musanamange. Mukafuna kudziwa ngati paipi yaphulika pansi, tsekani mipope yonse muyang'ane mita. Ikamayendabe, madzi akutayika mbali yanu ndipo bilu ndi yanu. Kudontha kukakhala mita isanafike, kauzeni a bungwe la madzi.

Koma magetsi ndi nkhani ina. Kusintha babu, chabwino. Khoma lonyowa limene likugwira shoko, soketi yakuda ndi kupsa, kapena nthambo zolumikiza ndi jumbo, zimitsani pa switchi yaikulu muitane wa magetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA. Apa ndiye Safunsa anadya phula.

Kuseri kwa nyumba ndi kudimba

Yang'anani mitengo. Nthambi zouma ndi zimene zatambalala pamwamba pa denga sadzani panopa. Zimene zili pafupi ndi nthambo za magetsi musakhudze, uzani a ESCOM. Mpanda wa njerwa uzikhala ndi mabowo m'munsi otulukira madzi. Mipanda yambiri imene imagwa m'matauni mwathu imagwa chifukwa madzi adzaza mbali imodzi ngati damu n'kuukankha. Mabowo amene anatsekeka ndi zinyalala tsegulani.

Ngati malo anu ndi otsetsereka, mizere ya mbewu ipingase, isatsate kutsetsereka. M'malire bzalani udzu wa vetiva mvula ikayamba, mizu yake imalowa pansi kwambiri ndipo imagwira nthaka. Pamene payamba kachigwembe, khomani zikhomo muunjike miyala kapena matumba a mchenga, kasanakule n'kudya munda. Dzenje la zinyalala likhale kutali ndi khitchini ndi chitsime, ndipo masamba ndi zotsala za kumunda ikani padera mupange manyowa.

Khola la nkhuku kapena mbuzi lifoleredwe, pansi pakhale pouma. Matumba a chimanga ndi mtedza akhale pamatabwa, asagunde khoma. Chinyezi chimabweretsa chuku, ndipo poizoni wa chuku amawononga chiwindi komanso amapinimbiritsa ana. Kuphika sikumuchotsa.

Zipangizo nazo zikonzeni. Khasu logwedera pampini limaguluka n'kutema phazi, likhomereni bwino kapena sinthani mpini. Chikwanje nolani ndi tupa, mukukankhira kutali ndi dzanja lanu. Chobuntha ndicho chimavulaza kwambiri, poti chimafuna mphamvu ndipo chimaterereka. Kheni ndi ndowa zobooka pitani nazo kwa okhoma zidebe kumsika, wilibala muithire girisi.

Ndalama ndi amisiri

Ndikudziwa kuti kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinathawa m'manja mwa ambiri. Koma taonani bwino zimene ndatchulazi: zambiri zikufuna khasu, dothi, misomali ndi tsiku limodzi Loweruka. Lembani ntchito zonse papepala. Yambani ndi zimene zingaphe munthu, monga khoma lopendekeka, magetsi ndi chimbudzi. Zitsatire zimene zingadwalitse, ndipo zokongoletsa zikhale kumapeto. Amayi a banki m'khonde, pogawana ndalama patulaniko ya nyumba, zisathere zitenje ndi Khirisimasi.

Poitana mmisiri, pitani mukaone kaye ntchito imene anagwira kwina. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, zipangizo mukagule nokha kapena mupite naye limodzi, ndipo musapereke ndalama zonse poyamba. Gawo lomaliza alandire mutaona ndi maso anu. Wa denga mumuyese pothira ndowa ya madzi pamene wamata asanachoke. Akagwira bwino mulipireni mwachangu, nayenso ali ndi ana.

Amayi anzanga, makamaka inu amene muli nokha pakhomo, hamala siifunsa kuti wagwira ndani. Kusintha washala, kumata mng'alu, kukhoma sefa pawindo, zonsezi mungathe. Atsikana ndi anyamata omwe aime pafupi aziona, adzakuthokozani akadzakhala pawokha.

Ngozi ikachitika

Msomali ukakubayani kapena lata likakuchekani, tsukani bala ndi madzi aukhondo ambiri ndi sopo, psinjani ndi nsalu yoyera magazi asiye, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Musathire dothi, ndowe, mankhwala otsukira mano, palafini kapena madzi a m'batire. Kachirombo ka kafumbata kamakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo kamakonda bala lakuya lapakamwa pang'ono ngati la msomali. Abambo ndinu amene muli pachiopsezo kwambiri, chifukwa amayi amalandira katemera wake kusikelo ya pakati pomwe ambiri a inu munabayitsa komaliza muli makanda. Munthu akayamba kuuma nsagwada patapita masiku chivulalireni, thamangani naye.

Wagwa padenga ndipo akudandaula khosi kapena msana, kapena miyendo sakuimva, musamudzutse, musamukoke manja, musamupinde kuti akwane pakabaza. Mugonekeni pachitseko kapena pathabwa, mutu ndi thupi ziwongoke, anthu angapo anyamule limodzi. Amene wamenyetsa mutu, ngakhale adzuke n'kumaseka, akayamba kusanza, kusinza kapena kusokonezeka apite kuchipatala msanga.

Simenti yaiwisi imawotcha khungu, valani magolovesi, ndipo ikalowa m'maso tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15 musanapite kuchipatala. Palafini, thina ndi mankhwala a chiswe musasunge m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, mwana sadziwa kusiyanitsa. Akamwa musamusanzitse, chifukwa palafini akamabwerera amalowa m'mapapo. Tengani mwanayo ndi botololo mupite nazo kuchipatala. Wogwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja, zimitsani kaye kapena mukankheni ndi mtengo wouma.

Lero mukaweruka kutchalitchi kapena mukatha nkhomaliro, tengani pepala ndi pensulo, muitane a m'nyumba mwanu muzungulire limodzi kuyambira padenga mpaka kudimba. Ntchito imodzi Loweruka lililonse, pofika pakati pa Novembala mudzakhala mwapita patali. Ndipo mukamaliza kwanu, kasuzumireniko kwa agogo oyandikana nanu amene alibe wowakwerera padenga.

Pitirizani kundilembera kudzera kwa mkonzi. Sabata yamawa tidzakambirana za kasamalidwe ka madzi akumwa m'nyengo ya dzinja.